Chingerezi cha Mwana wa ku Mchinji ndi cha Mwana wa ku Chipata

Kuchoka pa boma la Mchinji kukafika mumzinda wa Chipata ndi ulendo wosakwana makilomita 50, ndipo chokukumbutsa kuti wasintha dziko ndi apolisi a pamalire a Mwami basi. Anthu a mbali ziwirizi amakwatirana, amakhuzana maliro, amagulitsana mtedza ndi chimanga, ndipo mu Ogasiti Achewa a uku ndi uko amakakumana ku Mkaika, m'boma la Katete, pa mwambo wa Kulamba. Pamsika chiyankhulo n'chimodzi, ngakhale kuno timati Chichewa pomwe anzathuwo amati Chinyanja. Koma kwa zaka pafupifupi 30, mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi akamaponda m'kalasi tsiku loyamba, mayiko awiriwa, Malawi ndi Zambia, ankamulandira mosiyana. Wa ku Chipata ankalandiridwa m'Chingerezi, kuyambira moni mpaka masamu. Wa ku Mchinji ankalandiridwa m'Chichewa, Chingerezi n'kumabwera pa nthawi yake ngati limodzi mwa maphunziro a tsikulo.

Palibe katswiri amene akanaloledwa kugawa ana a mtundu umodzi pawiri chotere kuti aone njira yopambana. Ndale ndi zimene zinawagawa, ndipo zotsatira zake zinayesedwa n'kulembedwa. Chodabwitsa n'chakuti mkangano woti mwana ayambe liti Chingerezi ukabuka pa wailesi kapena pa msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi, nkhani ya mayiko awiriwa sitchulidwa kawirikawiri.

Zambia inalandira ufulu mu 1964, chaka chomwe ifenso tinalandira wathu. Mu 1965 boma la Kenneth Kaunda linagamula kuti Chingerezi chikhale chophunzitsira kuyambira Giredi 1, ndipo lamulo la maphunziro la 1966 linakhomerera msomali. Zifukwa zake sizinali zachibwana. Dzikolo lili ndi mitundu yoposa 70. Kumigodi ya ku Kitwe, Mufulira ndi Luanshya kunasonkhana Abemba, Alozi, Atonga, Angoni, pamodzi ndi abale athu ochoka kuno okafuna ntchito, ndipo ana awo onse ankakhala pa benchi imodzi. Mphunzitsi wa ku Mongu akatumizidwa kum'mawa aziphunzitsa m'chiyankhulo cha yani? Nanga mwana wa wapolisi, amene bambo ake asamutsidwa pakati pa chaka? Chingerezi chinkaoneka ngati chopanda mwini, chosakondera mtundu uliwonse. Panalinso chikhulupiriro chimene makolo ambiri akadali nacho lero, choti m'mera m'poyamba: mwana akayamba Chizungu msanga, adzachidziwa msanga.

Kuno tinalowera kwina. Msonkhano waukulu wa chipani cha Malawi Congress mu 1968 unakweza Chichewa kukhala chiyankhulo cha fuko. Kuyambira Sitandade 1 mpaka 4 ana ankaphunzira m'Chichewa, Chingerezi chili phunziro chabe, ndipo pofika Sitandade 5 zinthu zinkatembenuka: Chingerezi chophunzitsira, Chichewa phunziro. Tisanamizane kuti mfundoyi inabadwa chifukwa chomvera chisoni ana. Inali ndale, ndipo ena inawapweteka. Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi ndi m'sukulu, ndipo kwa mwana wa ku Rumphi, ku Karonga kapena kumidzi ya Ayao ku Mangochi, Chichewa cha m'kalasi sichinali cha pabere. Kamuzu yemweyo, amene pamisonkhano ankalankhula Chingerezi wina n'kumamasulira, anatsegula Kamuzu Academy ku Mtunthama mu 1981, komwe ana osankhika ankaphunzira m'Chingerezi, kuwonjezapo Chilatini ndi Chigiriki. Ndasankhira dala Mchinji chifukwa kumeneko chiyankhulo cha m'buku ndi cha pabwalo losewerera zinali pafupi kwenikweni.

Tiyambe ndi wa ku Chipata uja, m'zaka za m'ma 1980. Wabwera ndi mawu ambirimbiri m'mutu mwake. Amadziwa kuyankha "tilitonse" pa nthano, amadziwa ndagi, amadziwa mayina a mbalame ndi a azakhali ake onse, amatha kukangana mpaka kupambana. Polowa pakhomo la kalasi chuma chonsecho chikhala panja. Aphunzitsi anyamula buku m'mwamba n'kunena chiganizo, kalasi yonse ibwereza mokweza. Abwerezanso. Mwanayo ali ndi khutu labwino ndipo sachedwa kugwira kamvekedwe kake, moti pakutha kwa mwezi amapereka moni wa m'mawa mosadodoma ndipo amayankha kuti ali bwino ngakhale mutu ukumuwawa. Kunyumba amayi ake asangalala. Koma pa bolodi pali ntchito ina yomwe sanaimve n'komwe: kuti tizizindikiro ta chokoti timaimira mawu otuluka m'kamwa. Chinsinsi chimenechi mwana aliyense padziko amachitulukira kamodzi kokha pa moyo wake, ndipo iyeyu akufunsidwa kuchitulukira kudzera m'mawu omwe sakudziwa tanthauzo lake. Ntchito ziwiri pa nthawi imodzi, kuphunzira chiyankhulo ndi kuphunzira kuwerenga, ndipo iliyonse ikudikira inzake.

Chingerezi pachokha sichimuthandiza. Chiyankhulo chathu chili ndi malembo a liwu asanu, a, e, i, o, u, ndipo lililonse limamveka momwe lalembedwera. Chingerezi chimalembedwa ndi malembo omwewo koma m'kamwa mwa Mngelezi mumatuluka maliwu pafupifupi 20. Kwa khutu lokulira kuno, ship ndi sheep ndi mawu amodzi, ndipo l ndi r amasinthana popanda mlandu. Maphatikizo athu amathera pa lembo la liwu, n'chifukwa chake lilime la mwana limalowetsa liwu pakati pa malembo ounjikana, monga makolo athu anachitira popanga sukulu ndi galasi. Kalembedwe ndiye kosadalirika: lembo a limamveka mwina mu cat, mwina mu cake, mwinanso mu call. Si ife tokha amene timavutika nazo. Kafukufuku amene Philip Seymour ndi anzake anatulutsa mu 2003, woyerekeza ana a mayiko a ku Ulaya, anapeza kuti ana a ku Finland, Italy ndi Spain amakhala atadziwa kuwerenga mawu wamba pakutha kwa chaka choyamba cha sukulu, pomwe ana a ku Scotland, eni Chingerezi, amafunika zaka ziwiri kapena kupitirira kuti afike pomwepo. Ngati mwana woyamwa Chingerezi chimamuchedwetsa chotere, nanga wachimva koyamba dzana?

Mnzake wa ku Mchinji wayamba ndi a, e, i, o, u, kenako ma, me, mi, mo, mu. Tsiku lina aphatikiza a ndi ma ndi yi, ndipo pa bolodi patuluka amayi ake. Aliyense amene anaphunzitsapo Sitandade 1 amaidziwa nkhope ya mwana pa mphindi imeneyo. Kuchoka pamenepo amawerenga chilichonse: dzina la golosale, mawu a kumbuyo kwa basi, kalata ya malume a ku Joni yomwe agogo akhala akudikira wowawerengera. Chingerezi chikabwera pa nthawi yake, nayenso amabwereza m'chigulugulu ngati mnzake uja, nayenso l ndi r zimamusokoneza. Kusiyana kwake n'kwakuti iye akudziwa kale chomwe malembo amachita. Watsala ndi ntchito imodzi.

Koma njira yakeyi ili ndi phompho patsogolo, ndipo phompholo ndi Sitandade 5. Mwana amene kwa zaka zinayi wamva Chingerezi kwa mphindi zowerengeka patsiku, mwadzidzidzi apatsidwa buku la sayansi, la zaulimi, la mbiri, onse m'Chingerezi. Amatha kutchula mawu a patsamba, pakuti kuwerenga amadziwa, koma mukamufunsa zomwe wawerengazo angoyang'ana pansi. Apa ndi pamene wotsatira njira ya Zambia akanati: mwaona, tikanayamba kale si bwenzi zili chonchi.

Yankho linabwera m'zaka za m'ma 1990. Eddie Williams, wa ku yunivesite ya Reading ku Britain, anayesa ana a chaka chachisanu cha pulaimale m'mayiko awiriwa, a m'tawuni ndi a kumudzi, pa kuwerenga Chingerezi komanso chiyankhulo chawo. Zotsatira zinatuluka mu 1996, lipoti lalikulu n'kutsatira mu 1998. Pa Chingerezi panalibe kusiyana kwenikweni. Ana a ku Zambia, ataphunzira chilichonse m'Chingerezi kwa zaka zinayi, sanapose ana a ku Malawi amene anali nacho ngati phunziro lokha. Pa chiyankhulo cha makolo ndiye panali mtunda: Amalawi ankawerenga Chichewa bwino kwambiri kuposa momwe anzawo ankawerengera Chinyanja. Wa ku Zambia anapereka kuwerenga kwa chiyankhulo chake ngati mtengo wogulira Chingerezi, koma Chingerezi chowonjezeracho sanachilandire.

Wokonda Chichewa asafulumire kuvina. Williams anapezanso kuti m'mayiko onse awiri ana ambiri sankawerenga Chingerezi mokwanira kuti aphunzirire maphunziro ena. Njira ya Malawi sinataye kanthu, koma nayonso sinamufikitse mwana pomwe Sitandade 5 inkamufuna. Inangomusiya ndi luso limodzi lenileni m'manja, pomwe inzake inasiya ambiri opanda ndi limodzi lomwe.

Chinalephereranji chikhulupiriro cha m'mera m'poyamba? Chifukwa chili ndi choonadi mkati mwake, koma choonadicho n'cha malo ena. Taonani mwana wa namwino wa ku Malawi amene wasamukira ku Manchester ali ndi zaka zisanu. Masabata oyamba amangokhala duu, kumvetsera, mpaka makolo kuda nkhawa. Kenako mawu ayamba kutuluka limodzilimodzi, ndipo chaka chisanathe akuwongolera amayi ake katchulidwe. Mwana ameneyu wamira m'Chingerezi. Akuchimva kwa anzake pa bwalo, kwa wogulitsa m'sitolo, pa wailesi ya kanema, ndipo liwu lililonse likubwera ndi chochitika chake: mpira ukuponyedwa, chitseko chikutsekedwa, mnzake wakwiya. Wa ku Chipata sanamire. Ankachimva kwa munthu mmodzi, amene mwina nayenso chinkamuvuta, ali pakati pa ana ochuluka, ndipo belu likalira dziko lonse linkabwerera m'Chinyanja ndi Chinsenga. Kutchula chiyankhulo kuti "chophunzitsira" sikuchulukitsa anthu ochiyankhula pamudzi.

Ngakhale kwa womira uja nkhani sithera pa bwalo losewerera. Jim Cummins, atafufuza za ana a anthu osamukira ku Toronto m'dziko la Canada, anasiyanitsa Chingerezi chochezera ndi Chingerezi cha maphunziro. Choyambacho mwana amachigwira m'zaka ziwiri kapena kuchepera. Chachiwiricho, chofotokozera chifukwa chake mvula imagwa kapena chomvetsera funso la masamu lolembedwa m'mawu, chimatenga zaka zisanu mpaka zisanu ndi ziwiri. Zimenezo n'za ana okhala m'mzinda womwe Chingerezi chili paliponse. Ife timayembekeza kuti mwana wa kwa Mkanda ku Mchinji achite m'zaka zinayi, ndi mphindi zochepa patsiku, zomwe wa ku Toronto amachita m'zaka zisanu mpaka zisanu ndi ziwiri. Wa ku Zambia ankayembekezeka kuzichita tsiku loyamba lomwe.

Makolo amene amafuna Chingerezi msanga sindiwaweruza. Amawerenga bwino dziko lomwe akukhalamo. Mayeso a Sitandade 8 amalembedwa m'Chingerezi kupatula phunziro la Chichewa. Wolephera Chingerezi pa mayeso a Fomu 4 salandira satifiketi ya MSCE, akhoze bwanji masamu ndi sayansi. Malamulo oyendetsera dziko amafuna kuti phungu wa Nyumba ya Malamulo azitha kuyankhula ndi kuwerenga Chingerezi. Mayi wogulitsa tomato ku Ndirande akamadzimana kuti alipire fizi ku sukulu ya mkaka yolonjeza Chingerezi chokhachokha, akuwerengera zimenezi. Ndipo pali ana amene njira imeneyi imawayendera ndithu. M'sukulu zina zomwe si zaboma ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu, kalasi imakhala ndi ana ochepa, mphunzitsi amayankhula Chingerezi momasuka, mabuku a nthano ali pa shelefu, ndipo kunyumba kuli makatuni ndi makolo oyankhula Chizungu pa tebulo. Mwana wa kumeneko ali pafupi ndi wa ku Manchester kusiyana ndi wa ku Chipata. Amapeza katchulidwe kosalala ndi kulimba mtima, zinthu zomwe woyamba mochedwa amavutika kuzipeza. Wofika ku sekondale akuopa kutsegula pakamwa kuti anzake amuseka amadziwa kulemera kwa mphatso imeneyi.

Vuto ndi pamene chikwangwani chokha chikopedwa. Sukulu ya mkaka ya m'chipinda chimodzi kuseri kwa msika imathanso kulemba pakhoma kuti kuno timayankhula Chingerezi chokha, n'kumalanga woyankhula Chichewa. Ana amaloweza masiku a sabata, miyezi ya pachaka, ziwalo za thupi, ndipo pa tsiku lotsekera sukulu amalakatula makolo n'kuwomba m'manja. Mufunseni mwanayo m'Chingerezi chifukwa chomwe mnzake akulirira, mudzaona kuti zoloweza zija zilibe nthambi. Kumeneko ndi ku Chipata kwa 1985, kungoti tsopano n'kolipira. Palinso mtengo wina womwe ngakhale a sukulu zabwino zija amalipira: mdzukulu wofika kumudzi pa tchuthi n'kumangomwetulira agogo ake akamamufunsa za kutawuni. Mabanja ena amauona mtengowo kuti ndi wochepa. Ine ndimauona waukulu, makamaka poti sunali wofunika kuulipira; ubongo wa mwana sukhala ndi malo a chiyankhulo chimodzi chokha, ndipo ana a ku Karonga kapena ku Mulanje oyankhula ziyankhulo zitatu asanayambe sukulu ndi mboni.

Zambia inaphunzirapo kanthu. Mfundo za maphunziro za 1996 zinalola kuti mwana ayambe kuwerenga m'chiyankhulo chomwe akuchidziwa, ndipo kuyambira 1999 ntchito ya Primary Reading Programme inayamba kuphunzitsa ana a Giredi 1 kuwerenga m'ziyankhulo zisanu ndi ziwiri: Chibemba, Chinyanja, Chitonga, Chilozi, Chilunda, Chiluvale ndi Chikaonde. Mu 2014 anapitirira, ziyankhulozi n'kukhala zophunzitsira kuyambira Giredi 1 mpaka 4. Nazonso sizinapite mosalala. Chinyanja cha m'misewu ya Lusaka si cha m'buku, ndipo ana a mumzindawo ankakumana ndi mawu a Chichewa chakuya omwe sanawamvepo. Makolo ambiri a m'tawuni sanakondwe.

M'chaka chomwecho cha 2014, ife tinalengeza zosiyana. Lamulo la maphunziro la 2013 linati chophunzitsira m'sukulu ndi Chingerezi, ndipo unduna unauza dziko kuti ziyamba ndi Sitandade 1. Izi zinafafaniza kalata ya 1996 yomwe inalola kuphunzitsa makalasi oyamba m'chiyankhulo cha dera, kalata yomwe sinatsatidwe ndi mabuku okwanira a Chitumbuka, Chiyao kapena Chisena. Choncho anansi awiri anadutsana pamalire, uyu akutola chomwe mnzake wangotaya kumene. Ndipo gule sanathe: ndondomeko ya maphunziro ya Zambia ya 2023 inabwezeranso Chingerezi pa mpando wophunzitsira kuyambira makalasi oyamba.

Chomwe chinachitika m'makalasi athu pambuyo pa chilengezo chija n'chosiyana ndi zolembedwa. Mu 2016 boma linakhazikitsa National Reading Programme, ndi mabuku a Chichewa ndi a Chingerezi a makalasi oyamba, ndipo mwana wa Sitandade 1 wa sukulu yaboma amayambabe ndi maliwu ndi maphatikizo a Chichewa. Mphunzitsi amene ali ndi nzeru amachita zomwe aphunzitsi a mbali zonse za malire akhala akuchita mwakachetechete kuyambira kale: amalemba pa bolodi m'Chingerezi, n'kutembenuka kufotokoza m'Chichewa, kenako n'kufunsa kuti tamvana? Oyendera sukulu ena amaziona ngati kulakwa. Ine ndimaona kuti ndi pokhapo pomwe mwana amakumana ndi Chingerezi chokhala ndi tanthauzo.

Ndikayika njira ziwirizi pa sikelo, kwa mwana wa sukulu yaboma wa kumudzi kapena wa ku Mtandire, ndimatsamira ku ya Mchinji, koma yokonzedwa. Aphunzire kuwerenga m'chiyankhulo chimene amalotera, pakuti umboni ukuti sataya nacho Chingerezi. Chingerezicho achimve kuyambira tsiku loyamba, chambiri, cha pakamwa: nthano, masewero, kutumidwa kukatseka zenera, kufunsidwa funso lomwe yankho lake silili pa bolodi. Ndipo kusintha kwa Sitandade 5 kusakhale kodumpha tsiku limodzi. Kuyambe pang'onopang'ono, Chichewa kapena Chitumbuka chikuperekezabe mpaka Sitandade 7 kapena 8.

Zonsezi zimadalira yemwe waima kutsogolo kwa kalasi ndi chiwerengero cha maso omwe akumuyang'ana. Maphunziro a pulaimale atakhala aulere mu 1994, ana olembetsa anakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni, boma n'kulemba mofulumira aphunzitsi ambiri osapita ku koleji, ndipo makalasi oyamba sanapepukebe mpaka lero. Chiyankhulo chimaphunziridwa poyankhulana, koma m'kalasi ya ana oposa 100 mwana akhoza kutha sabata yathunthu osanena chiganizo chakechake cha Chingerezi chomwe mphunzitsi wachimva. Pogawa makalasi kumayambiriro kwa chaka, m'sukulu zambiri mphunzitsi wa Chingerezi chakuthwa amapatsidwa Sitandade 8, komwe kuli mayeso a MANEB ndi mbiri ya sukulu. Sitandade 1 imalandira amene watsala, nthawi zina pansi pa mtengo, ndi bolodi lotsamiritsa pa tsinde.